Buku Limene Linabwerera kwa Mwini Wake

Mlendo salandidwa mpando. Ukhoza kumumana nkhuku, ukhoza kuyang'ana dzuwa kawirikawiri kuti azindikire yekha kuti nthawi yatha, koma mpando umene wamupatsa ndi manja ako umakhala wake kufikira atatsanzika. Lamulo limeneli a Chawanangwa Luhanga ankalidziwa bwino lomwe. Analiphunzira ku sukulu ya mishoni kwawo kumpoto, ndipo iwo omwe ndiwo ankaliphunzitsa kwa achinyamata ku Nsungwi, kumene anali mkulu wa mpingo. Komabe Loweruka lina masana, pakhonde pa nyumba yawo, anaimiritsa alendo awiri, nasanjikiza mipando yawo alendowo akuona.

Alendowo anali Jonah, mnyamata wokonza mafiriji ku Area 23, amene ankafuna kukwatira Tusekele, mwana mmodzi yekhayo wa a Luhanga, ndi malume ake a Masiye a ku Dedza. Anangobwera kudzaonekera, kuti nkhani ya ukwati idzayende m'njira yake pambuyo pake. Malonje anayenda bwino. Jonah anayankha mafunso atawerama pang'ono monga mwana woleredwa, ndipo a Luhanga anali atayamba kale kumukonda. Kenaka mayi wa pakhomopo, a Vera NyaChavula, anabweretsa tiyi.

"Pepani amayi, ine madzi okha andikwanira," anatero Jonah.

"Ndi shuga kodi, mwanawe? Usinkhu womwewu?"

"Ayi amayi, ndili bwinobwino. Kungoti kumpingo kwathu sitimwa tiyi."

A Luhanga anaika kapu pansi. Anali atamvapo za mipingo yoletsa nkhumba, yoletsa mowa, ngakhale yoletsa mankhwala a kuchipatala. Koma mpingo woletsa tiyi, chakumwa chimene chachirikiza misonkhano ya akulu a mpingo kuyambira nthawi ya azungu a ku Sikotilandi, anauona ngati mwano wolunjika pa iwo eni.

"Mpingo wanji umenewo?"

Jonah anatchula dzina lalitali lothera ndi mawu akuti Oyera Mtima a Masiku Otsiriza. A Masiye anafupikitsa. "Aja anthu amangoti Amormoni, bambo. Ine ndine wa Katolika, tiyi wakeyo ndimwa ndine, asatayike."

"Aja oyenda awiriawiri, malaya oyera, kachikwangwani pachifuwa?"

"Omwewo bambo. Inenso ndinatumikirako zaka ziwiri," anatero Jonah.

"Ndiye kuti iwenso ankakutcha Elda?"

"Eya bambo. Onse otumikira amatchedwa choncho."

A Luhanga anadikira mpaka imvi zitamera kuti mpingo uwatche mkulu, amene pa Chingerezi ndiye Elda, ndipo apa panakhala mwana amene analandira dzinalo ndevu zisanakhwime. Anaimirira, nanena mwaulemu wozizira kuti akumbukira tsopano lino kuti mipando ya pulasitikiyo ndi ya mpingo, ndipo ikufunika kubwezedwa msanga. Mipandoyo inalidi ya mpingo, koma inali pakhondepo chichokere Khirisimasi popanda woifunsa. A Masiye anamaliza makapu onse awiri ali chiimire, nathokoza mayi, ndipo alendo anapita.

Tusekele atabwera kuchokera kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino, anamva zonse kwa amayi ake. Sanalire ndipo sanakweze mawu. Anagwada pakhomo la pabalaza monga mwa masiku onse.

"Adada, mpingo wathu sindinausiye. Koma Jonah sindimusiyanso."

"Ukwati umenewo sudzachitika ine ndili moyo."

"Ndamva, adada."

Kumva kumeneko kunawaopsa a Luhanga kuposa kulira. Mwanayo anatengera iwo: akati ndamva, ankatanthauza kuti makutu agwira ntchito yawo basi, mtima sunasunthe. Anazindikira kuti akhoza kudzuka tsiku lina n'kupeza chipinda chake chili chosesedwa bwino, mwini wake mulibe.

Ife amene tinaleredwa ndi belu la mishoni tili ndi nthenda imodzi. Tikakwiya sitimenya munthu, timamukonzera phunziro. A Luhanga anali mphunzitsi wa mbiri yakale pa sekondale ina, ndipo msonkhano waukulu wa achinyamata a mpingo unali pafupi. Anadzipereka kulemba sewero lofotokoza mmene mpingo wa Amormoni unayambira, kuti nkhosa zichenjere. Aliyense anayamikira changu chawo. Palibe amene ananena poyera kuti nkhosa yofunika kuchenjezayo inali imodzi yokha.

Anakwera minibasi kupita ku laibulale m'tauni, nawerenga monga sanawerengepo chitsirizire maphunziro awo. Anapeza nkhani ya Joseph Smith, mwana wa alimi osauka a ku Amerika, wokulira m'dera limene mipingo inkalimbirana anthu ngati makondakitala pa siteji. Iyeyo ananena kuti ali wachichepere anaona masomphenya m'nkhalango, ndi kuti pambuyo pake mngelo anamusonyeza mapale opyapyala agolide, olembedwa zilembo zachilendo, okwiriridwa m'phiri. Anati anawamasulira, ndipo mu 1830 buku linasindikizidwa, mpingo nuyamba. Mapalewo, anati, mngelo anawatenganso, ndipo panatsala mboni zingapo zimene zinatsimikiza kuti zinawaona. Otsatira ake anapirikitsidwa dera ndi dera, kufikira iye anaphedwa ndi gulu la anthu okwiya ali m'ndende.

Za kuphedwazo a Luhanga sanaseke, pakuti ankadziwa kuti kupha munthu chifukwa cha chikhulupiriro ndi uchinyama. Koma za mapale anaseka mpaka woyang'anira laibulale anawayang'ana.

"Umboni unabwerera kwa mwini wake!" anauza akazi awo atafika kunyumba. "Wophunzira wanga atandiyankha choncho, ndikhoza kumupatsa ziro ndi inki yofiira."

Tsiku lina anafika pa nkhani ya ukwati wa Joseph Smith, ndipo kuseka kunatha. Mtsikana amene iye ankamufuna anali mwana wa mlimi wolemekezeka. Bamboyo anakana, ponena kuti mnyamatayo ndi mlendo wopanda ntchito yodalirika. Awiriwo anathawa nakakwatirana kwina. Anabwerako nakhala pafupi ndi bamboyo kwa kanthawi, koma mtendere unasowa, ndipo atachoka kachiwiri, mwana wamkaziyo sanaonanenso ndi makolo ake. Bamboyo anamwalira mwana wake ali kutali.

A Luhanga anatseka bukulo. Phunziro la mtundu wanji limeneli, loti bambo akane mwamphamvu, anthu amuvomereze, kenaka afe yekha akuyang'ana kumsewu? Zoterezi sizikanatheka kuziika pamaso pa achinyamata, makamaka pamaso pa Tusekele. Choncho analemba mathero awoawo. Tsiku la mvula, mwana wamkazi uja akubwerera wopanda nsapato, akugogoda, akugwada, nati: "Atate, ndinalakwa. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera." Bambo akumudzutsa, anthu akuimba. Polemba chigawo chimenechi a Luhanga anagwetsa misozi yeniyeni, ndipo anaganiza kuti chinthu chimene chaliritsa munthu wamkulu ngati iwo sichingakhale bodza kwenikweni.

Pamwamba pa seweroli analemba kuti Mbiri Yeniyeni. Mawu akuti mbiri ndi oterera m'chinenero chathu. Amatanthauza zimene zinachitikadi kale, amatanthauzanso zimene anthu akungonong'onezana pamsika, amatanthauzanso dzina limene munthu wadzipangira pakati pa anzake. A Luhanga ankalandira malipiro chifukwa cha tanthauzo loyamba, anali akulemba lachiwiri, ndipo ankateteza lachitatu.

Mbali ya bambo anaitenga okha. Mbali ya mwana wamkazi anaipereka kwa Tusekele. Anali ndi chikhulupiriro chakuti mawu olapawo akadutsa pakamwa pake pamaso pa mpingo, adzatsikira mumtima ngati mankhwala.

Pa tsiku loyeserera, m'holo ya mpingo, Tusekele anawerenga mbali yake yonse bwinobwino mpaka pa chigawo chomaliza. Pamenepo anaima.

"Adada, mzungu wa ku Amerika ameneyu mwambi wathuwu anaumva kuti?"

Achinyamata anaseka mobisa.

"Ndamasulira. Mphunzitsi amamasulira kuti anthu amve."

"Mwamasulira kuchokera m'buku liti? Ine ndafufuza pa foni. Konse akuti sanabwerere."

"Foni!" A Luhanga anatembenukira kwa achinyamata onse kuti phunzirolo lisapite pachabe. "M'badwo uno ukuganiza kuti nzeru zonse za dziko zinalowa m'kagalasi. Pali mabuku akale amene foni sinawaonepo. Ili linali lachikopa, lofiirira. Anandibwereka mzungu wina wokalamba ndili ku mishoni."

"Lili kuti tsopano, tiliwerengeko?"

"Linabwerera kwa mwini wake."

Mawuwo atatuluka, a Luhanga anamva ngati awamvapo kwina. Koma pakamwa pa mphunzitsi sipabwerera m'mbuyo ana akuyang'ana.

"Alipo wina amene analiona, adada?"

"Alipo. Mboni zilipo."

Mboni anazifuna mawa lake. Anapita kwa a Kings Msowoya, mkulu wa mpingo mnzawo amene anaphunzira nawo sukulu imodzi.

"A Msowoya, mukulikumbukira buku lija la mzungu?"

"Mabuku onse anali a mzungu, a Luhanga."

"Lachikopa lija. Lofiirira."

A Msowoya anatseka maso. Sankafuna kuoneka ngati munthu amene anadutsa ku mishoni osaona mabuku. "Lofiirira ndinaliona ndithu. Lalikulu chonchi."

A Enerst Kadango, msungichuma wa mpingo, anali pomwepo. Iwo anaphunzira ku Ntcheu ndipo kumpoto sanapondeko, koma sankakonda kutsalira pa nkhani za anthu ophunzira. Anati akuganiza kuti nawonso analinyamulapo nthawi ina, ndipo linali lolemera kwambiri. Pofika Lamulungu, buku lofiirira linali ndi mbiri yake mu mpingo monse. Ena ankati linali ndi zithunzi.

A NyaChavula okha ndiwo sanatengeke. Anali akusita malaya a amuna awo pamene anayamba.

"Bambo a Tuse, mabuku anu onse ndimawapukuta fumbi ndine. Nkhani zanu zonse za ku mishoni ndinazimva mpaka ndikhoza kulemba mayeso. Buku limeneli labadwa liti?"

"Zimenezi ndi za mbiri yakale, amayi. Zisiyeni kwa amene anaziphunzira."

"Chabwino, aphunzitsi. Koma munkaseka munthu wa mapale uja tsiku lija. Anyani sasekana zikundu." Anatembenuza malaya. "Ndipo mipando ija inkafunika msanga idakali pakhonde."

A Luhanga anayankha kuti kolala isapse.

Tsiku la msonkhano linafika. Holo inadzaza masana dzuwa likuswa mtengo, achinyamata kutsogolo, amayi a mvano pakati, akulu a mpingo pambali atapinda manja. A Luhanga atasuzumira pa katani anaona Jonah ndi a Masiye kumbuyo kwenikweni. Tusekele ndiye anawaitana. Alendo awiriwo anali ataimirira motsamira khoma chifukwa mipando inaperewera, ndipo a Luhanga ankadziwa bwino kumene iwiri yoperewerayo inali.

Sewero linayenda mokoma. Wosewera mbali ya mneneri wawo, Joseph Smith, anavala jekete yobwereka, nafukula mapale odulidwa ku zitini za mafuta ophikira. Mngelo anavala nsalu ya patebulo la mgonero, zimene a Kadango anadandaula nazo mokweza. Anthu anaseka pamene anayenera kuseka. A Luhanga atalowa ngati bambo wa mtsikana, anakana ukwati ndi mawu a bingu, ndipo sanafunike kuyang'ana papepala. Holo yonse inaomba m'manja. Tusekele anamanga kamtolo, natuluka pa chitseko cha m'mbali pamodzi ndi wa jekete uja, monga mwa sewero. Wa jekete anabwereranso kudzamaliza zigawo za maulendo ndi za ndende, ndipo pa imfa yake holo inakhala chete, pakuti imfa ndi imfa.

Kenaka chigawo chomaliza. A Luhanga anakhala pampando pakati pa nsanja, atayang'ana chitseko cha m'mbali. Kuseri wina anayamba kukhuthulira timiyala pa lata kuti imveke ngati mvula.

"Ndani akugogoda pakhomo panga mvula yotereyi?" anafuula.

Palibe amene anagogoda.

Anadikira, nabwereza mokweza. Mvula inapitirira kugwa mpaka timiyala tinatha, ndipo wothira uja anamveka akutolera kuti ayambirenso. Wina anatsokomola. A Luhanga anaponya maso kumbuyo kwa holo. A Masiye anali pomwe paja, koma pambali pawo panali khoma lokha. Jonah panalibe.

Pamenepo sewero linawathera m'mutu. Anaona minibasi ikunyamuka pa Nsungwi, kamtolo ka m'sewero kali pamiyendo pa mwana wawo. Anaona chipinda chosesedwa bwino. Anakumbukira mlimi wolemekezeka uja wa ku Amerika, amene iwo anamukonzera mathero abwino osamufunsa, ndipo anadziwa tsopano mmene mpando umaumira munthu akakhala moyang'ana chitseko chimene sichitseguka. Iye uja anakhala choncho mpaka kumanda. Iwo anali atangokhala kanthawi, koma malaya ositidwa bwino aja anali atanyowa kale.

Chitseko chinalira. Kunja kunamveka mawu a Jonah, otsika koma omveka m'holo yachete ija.

"Lowa, Tuse. Ndi mawu chabe. Usawachititse manyazi bambo pamaso pa anthu awo."

"Ndi bodza, Jonah."

"Ndikudziwa. Lowa basi."

Tusekele analowa wopanda nsapato, monga sewero linanenera. Nkhope yake inali youma. Anayenda mpaka pamaso pa bambo ake, nayamba kupinda maondo. Amayi a mvano anakonzeka kulira. Njira inali yotseguka: mwana anene mawu ake, bambo amudzutse, kwaya iimbe, mbiri ya a Luhanga ikhale yoyera ngati kale. Koma iwo anayang'ana m'maso mwa mwanayo, naona ndamva yemwe uja. Akanagwada lero, akanagwada komaliza.

"Usagwade," anatero.

Tusekele anaima pakati pa kugwada ndi kuimirira. "Adada, mzere wanu ndi wakuti, ndiwe kodi mwana wanga."

"Mzere wanga ndikuudziwa, ndinalemba ndine. Imirira." Anadzuka pampando, navula chipewa cha m'sewero, natembenukira kwa anthu. Wa timiyala anayambanso mvula. "Mvula ileke kumeneko!"

Mvula inaleka.

"Abale ndi alongo, akulu a mpingo anzanga, ndi inu achinyamata amene ndakhala ndikukudzudzulani pa nkhani ya bodza. Zimene mwaona kuyambira pachiyambi mpaka pa ndende zili m'mabuku amene aliyense akhoza kukawerenga m'tauni. Koma chigawo chino ndinapeka ine. Mwana wamkazi uja sanabwerere kudzagwada. Atachoka komaliza sanaonanenso ndi bambo ake. Buku lofiirira kulibe, ndipo silinakhalepo."

"Koma ine ndinaliona!" anafuula a Msowoya kuchokera pambali.

"Simunalione, a Msowoya. Ndinakuonetsani ndine, ndi pakamwa. A Kadango, inunso pepani, ndinakusenzetsani katundu wolemera amene kulibe."

Holo inaphulika ndi kuseka. A Luhanga anadikira ataimirira chilili, monga ankadikirira kalasi, koma ulendo uno sanakwiye, pakuti wosekedwayo anamuyenera.

"Sekani, n'koyenera. Ndinaseka munthu wa ku Amerika chifukwa umboni wake unabwerera kwa mwini wake. Posakhalitsa ndinali ndi buku langa lobwerera kwa mwini wake, ndi mboni zanga zomwe. Za mapale agolide sindikhulupirira, ndipo sindidzakhulupirira. Za iye aweruze Mulungu, pakuti ine kunalibe. Koma za buku langa ndinalipo, ndipo ndikudziwa kuti ndinanama. Ndinanama kuti mwana wanga alape pamaso panu tchimo limene sanachite, chifukwa ndinkaopa kumutaya, ndipo ndinalibe kudzichepetsa koti ndingomuuza kuti ndikuopa."

Anayang'ana kuchitseko cha m'mbali, kumene Jonah anaima osadziwa kolowera, kenaka kumbuyo kwa holo.

"Palinso bodza lina, laling'ono, limene linabala lalikululi. A Masiye, mwaima masana onse chifukwa cha ine, ndipo aka n'kachiwiri. Mipando ija sinkafunidwa ndi munthu aliyense. Ndinakulandani chifukwa Jonah anakana tiyi ndipo ankatchedwa Elda asanamere imvi. Idakali pakhonde panga. Mubwere mudzakhalepo, inu ndi iye, tidzakambe nkhani imene munadzera. Pa za chikhulupiriro ndidzatsutsana naye mpaka tiyi atazizira, wanga ndi wanu, iye azimwa madzi ake. Koma adzatsutsidwa atakhala pansi. Tusekele, vala nsapato. Wogwada lero ndine, ndipo ndikupempha mpingo undikhululukire, usanandiitane ku bwalo la akulu kumene ndakhala ndikuitanira ena."